Kudzutsa chikompyuta cha kaunjika kuno ku Kasungu, purosesa ibwere kumapeto

Zikompyuta zikuluzikulu zija zimachoka m'maofesi akunja, kapena mabungwe akamagulitsa katundu wakale, monga HP Z420, HP Z440, Dell Precision T3600, T3610 ndi T5810, anthu ambiri amangozidutsa akuti zolemera komanso zachikale, aliyense maso ali pa laputopu. Koma ngati muli ndi ka studio kojambulira makwaya, kapena mumaedita mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati, kaya basi mumangokonda kumasula zinthu n'kumaona mkati ngati enafe, makina amenewa musawadelere. Anapangidwira ma injiniya ndi ojambula mapulani, oti aziyaka tsiku lonse osadandaula, ndipo mapurosesa ake a Xeon pamodzi ndi RAM yake zinatsika mtengo kwambiri chifukwa makampani akunja anazichotsa zambirimbiri m'ma server awo.

Chimene chimandiwawa n'choti munthu akangogula funso loyamba limakhala loti "aise purosesa yamphamvu kwambiri imene ingalowemo ndi iti", pomwe mkatimo muli hadi disiki ya zaka khumi ikulira ngati chigayo, fumbi litatseka paliponse, magetsi akulowa osatetezedwa ndi chilichonse. Ndiye ndondomeko ili m'munsiyi ndaisanja potengera pomwe kwacha yanu ingagwire ntchito yooneka. Purosesa ndaiika kumapeto dala, ndipo ambiri mukadzafika pamenepo mudzapeza kuti simukuifunanso.

Choyamba: musanapereke ndalama

Kaya mwaipeza pa Facebook, kaya pa gulu la WhatsApp, kaya mwakwera minibasi pa M1 mpaka ku Lilongwe kukazungulira mashopu a ku Area 2, musatumize Airtel Money kapena Mpamba musanaione ikuyaka ndi maso anu. Wogulitsa akati "magetsi kulibe bwana koma ili bwinobwino", dikirani mpaka abwere kapena anyamule mupite nayo pomwe pali jenereta.

Ikayamba kuyaka dinani F10 ngati ndi HP, F2 ngati ndi Dell, mulowe mu BIOS, momwe mumakhala ma setting a kompyutayo Windows isanayake. Ikafunsa pasiwedi ndiye kuti eni ake akale anailoka, nthawi zambiri imachoka ndi ka jumper kapa motherboard koma ntchito imeneyo achite wogulitsayo inu mukuona, isakhale yanu kunyumba. Momwemo muona dzina la purosesa ndi kuchuluka kwa RAM, mufananize ndi zomwe anakuuzani pa foni paja.

Kenako tsegulani chivindikiro cha m'mbali, sichifuna sukuludiraiva, pali chogwirira mungokoka basi. Nunkhizani kaye, fungo lopserera likamveka bwererani. Yang'anani dzimbiri, yang'anani timigolo tapa motherboard tija ngati tatupa pamwamba. Ndiye muwerenge sitika ya pa power supply, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo chifukwa ndi pomwe anthu amagwa. Power supply ya makina awa si ija wamba mungaipeze paliponse. Wamba ija chingwe chake chachikulu chimakhala ndi mapini 24, ya Z420 ndi Z440 ili ndi mapini 18, za Dell Precision nazo zili ndi kapangidwe kawokawo, ndiye ikapsa kapena ikakhala yochepa mphamvu simungolowa mushopu pa boma pano n'kugula ina. Z440 imabwera ndi ya 525W kapena ya 700W, T3600 ndi 425W kapena 635W, T5810 ndi 425W kapena 685W, Z420 zambiri ndi za 600W koma ziliponso za 400W. Zing'onozing'onozo nthawi zambiri zilibe chingwe cha mapini 6 chopatsa mphamvu graphics card yaikulu. Ngati mumtima mwanu muli magemu kapena kuedita mavidiyo olemera, tengani ya power supply yaikulu olo mtengo ukwereko pang'ono, bola kulira lero.

Kwa amene mukugula Z420 pali kanthu kena mu BIOS, pa System Information pali mzere wolembedwa Boot Block Date. Pakakhala chaka cha 2011 motherboard imeneyo imangolandira ma Xeon E5 oyambirira, pakakhala 2013 imalandiranso a v2 omwe ndi abwinopo. Kunja zimaoneka chimodzimodzi ndipo ogulitsa ambiri sadziwa n'komwe. Ku Dell n'zosavuta, T3600 ndi ya oyambirira, T3610 ndi ya v2. Z420 inatuluka mu 2012 ndipo imagwiritsa DDR3, Z440 inatuluka mu 2014 ndipo ndi ya DDR4, mitengo ikayandikana tengani Z440 osaganiza kawiri.

Musaiwalenso kuti ma Xeon E5 alibe graphics mkati mwake, popanda khadi la graphics sikirini siionetsa kanthu. Muonetsetse kuti khadi lilimo, ndipo muone mabowo ake. Makhadi a Quadro ambiri ali ndi DisplayPort ndi DVI, alibe HDMI, ndiye ngati mukufuna kulumikiza pa TV ya pabalaza mugule ka adaputa konko ku Lilongwe. Timakhadi tina ta NVS tili ndi bowo lachilendo lotchedwa DMS-59 lofuna chingwe chakechake, musachoke pashopu opanda chingwecho.

Ponyamula, chinthuchi chimapitirira makilogalamu 10 ndipo akondakitala amafuna kuchiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza. Kanani, lipirani mpando kapena muchiike pamiyendo, chigone chammbali motherboard ili pansi. Mukatsika pa depoti n'kukwera kabaza chimodzimodzi, pansi pake muyale jekete kapena katoni.

Chachiwiri: fumbi lituluke

Mukafika musaiyatse kaye. Tulukani nayo pakhonde, chingwe cha magetsi chitazulidwa, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe. Gwirani chitsulo cha kesiyo musanagwire chilichonse mkati, ndipo muzitero pafupipafupi, makamaka miyezi youma ija ya Ogasiti mpaka Okutobala pomwe thupi limasunga timagetsi tija timakulasani mukagwira chitseko cha galimoto. Timeneto timapha RAM mwakachetechete.

Blower ndiye yabwino, anyamata okonza mafoni ndi ma TV ena ali nayo mutha kubwereka, ikasowa pampu ya njinga ndi bulashi ya penti yatsopano zimagwira. Kompresa ya kopopetsa matayala ndimaikayikira chifukwa nthawi zina imalavula timadzi. Popemerera gwirani fani iliyonse ndi chala kapena kamtengo isazungulire, ikazungulira mothamanga kwambiri imaonongeka. Musadabwe kupeza mphemvu, ulusi wa kangaude, ngakhale tinyumba tadothi ta mavu ngati inakhalitsa mu sitolo. Nsalu yonyowa ndi ya kunja kokha.

Muli pomwepo sinthani kabatire kozungulira kapa motherboard, nambala yake ndi CR2032, kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'mashopu ambiri. Kakatha mphamvu kompyuta imaiwala tsiku ndi nthawi magetsi akangothima, ndipo tsiku likalakwika mawebusayiti ambiri amakana kutseguka, munthu n'kumatukwana netiweki pomwe vuto ndi kabatire.

Thermal paste, kaphala kothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa, nayo yauma kalekale. Masulani heatsink, chitsulo choziziritsa chili pamwamba pa purosesa, pa HP masikuluwu ake amafuna Torx T15, muziwamasula pang'onopang'ono modumphitsa, ili kenako la moyang'anana nalo. Pukutani zakale ndi isopropyl, spiriti woyera uja amatsukira ma board okonza mafoni, wa pepo uja amasiya utoto. Ikani kadontho ngati njere ya nandolo pakati, mubwezeretse. Purosesayo musaizule pamalo pake panopa, palibe chifukwa. Ndipo chonde zoti mankhwala otsukira mano amalowa m'malo mwa paste ndi nkhani zapa TikTok, amauma msanga.

Chachitatu: magetsi, musanagule china chilichonse

Ndalama yoyamba ipite apa, ndikudziwa sizosangalatsa chifukwa sizionjezera liwiro, koma mwamva kale kuti power supply ya makina awa ikapsa ndi maliro.

Magetsi athu ndi a 230V. Ma workstation ndatchulawa amadzisinthira okha, koma ngati yanu ndi ka desktop kakale kochokera ku America yang'anani kumbuyo, tina timakhala ndi ka switch kofiira kolembedwa 115 ndi 230, kakakhala pa 115 inu n'kulumikiza mungomva phuu ndi utsi. Chingwe chikhale cha pulagi ya mano atatu, osati zolowetsa mawaya awiri mu soketi ndi kamtengo ka machesi, ndipo soketiyo ikhale ndi earth. Kesi ikamakugwirani pang'ono mukaikhudza itanani wa zamagetsi, earth palibe pamenepo.

Gulani guard ngati ija timaika pa filiji kapena pa TV, imadula magetsi akakwera kapena kutsika mopitirira komanso imadikira kaye akangobwera kumene, nthawi yoopsa ndi imeneyo. Mu BIOS pezani After Power Loss pa HP kapena AC Recovery pa Dell muike pa Off kuti isamadziyatse yokha. UPS, kabokosi ka batire kopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima, ngati thumba likulola ndi yabwino koposa, koma muwerenge bwino, 650VA si 650W ayi, imapereka pafupifupi 360W mpaka 390W, ndipo ntchito yake ndi yoti musevu zomwe mumachita n'kuzimitsa bwinobwino, osati kupitiriza FIFA. A sola, inveta yanu ikhale yolembedwa pure sine wave, zotchipa zija za modified sine ma power supply amtunduwu sagwirizana nazo, amalira kapena kungozima.

Nyengo ya mvula kukayamba ziphaliwali zulani ku khoma, chingwe cha netiweki nachonso, guard sangalimbane ndi mphenzi.

Za mayunitsi tinene chilungamo, makinawa amadya kuposa laputopu kutalitali. Kompyuta ndi sikirini zikamakoka 150W kwa maola 8 ndiye mayunitsi 1.2 patsiku, pamwezi ndi 36, muchulukitse nokha ndi mtengo wa ESCOM musanakangane ndi alandilodi kapena anzanu ogawana nawo mita. Power supply ya 700W sikuti imakoka 700W nthawi zonse ayi, amenewo ndi malire ake chabe.

Chachinayi: SSD

Ngati mungakwanitse chinthu chimodzi chokha pa zonse zosintha, ndi ichi, SSD, chosungira mafayilo cholowa m'malo mwa hadi disiki. Hadi disiki yakale imawerenga mwina 100MB mpaka 150MB pa sekondi, SSD ya SATA imafika cha m'ma 500MB, koma kusiyana kwenikweni kuli pa timafayilo ting'onoting'ono tija Windows imatsegula zikwizikwi poyaka, pamenepo hadi disiki imachita kufufuza ndi kasingano pomwe SSD imangotola. Kompyuta imene imakudikiritsani mpaka tiyi kuzizira imayamba kuyaka musanakhale n'komwe pampando.

Ya 240GB kapena 256GB ndiye poyambira, ya 500GB ndiye mupuma bwino. Ya 120GB isiyeni, Windows ndi ma update ake aidzaza posachedwa. Zabodza zilipo zambiri, zolembedwa 1TB kapena 2TB pamtengo wa chiphwetere, mkati muli kachipangizo ka fulashi. Ka pulogalamu ka H2testw kamalemba disiki yonse n'kuwerenganso, kakuuzani kukula kwake kwenikweni. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale tsegulani CrystalDiskInfo muone thanzi lake ndi maola omwe yagwira, ikalemba Caution ibwezeni. Hadi disiki yobwera ndi kompyutayo muiyezenso momwemo musanaisungitse mavidiyo a ukwati wa anthu.

Pa Z420 si mabowo onse a SATA ali ofanana, othamanga 6Gb/s ndi awiri okha, SATA0 ndi SATA1, SSD ilowe pamenepo. Pa Z440 ndi T5810 mutha kupita patali, kugula SSD yothamanga kwambiri ya NVMe ndi ka adaputa kolowa mu PCIe ndipo Windows imayakira pomwepo BIOS ikakhala yatsopano. Pa Z420 ndi T3600 musalimbane nazo, kuyakira pa NVMe ndi chintchito chosafunika, SATA ikukwanirani. Pomangirira pakasowa musavutike, SSD ilibe choyenda mkati, cable tie kapena tepi yomata mbali zonse basi yakhala.

Chachisanu: Windows kapena Linux

Windows imene mwaipezamo ichotseni, simukudziwa zomwe eni ake akale kapena wogulitsa anaikamo. Mufunika fulashi ya 8GB kupita m'mwamba, pulogalamu ya Rufus yoikira Windows pa fulashiyo, ndi fayilo ya Windows yochokera kwa Microsoft komweko, imapitirira 5GB ndiye dikirani bandulo ya usiku kapena kapempheni kwa mnzanu wa Wi-Fi ya kuofesi. Mu Rufus sankhani GPT ndi UEFI. Mu BIOS SATA ikhale pa AHCI. Poyatsa dinani F9 pa HP kapena F12 pa Dell musankhe fulashiyo.

Zulani chingwe cha hadi disiki yakale nthawi yomwe mukuinsitola, itsale SSD yokha. Mukasiya zonse ziwiri Windows ili ndi khalidwe loika timafayilo toyatsira pa disiki yakale ija, tsiku lomwe idzafe kompyuta yonse idzakana kuyaka chonsecho SSD ili bwinobwino. Mukamaliza ibwezeretseni, muifomate, ikhale nkhokwe ya mavidiyo ndi nyimbo.

Nkhani ya Windows iti ndi yovutako. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita kutsogolo, ma Xeon E5 awa sali pamndandanda. Rufus ili ndi pochonga pochotsa zofunika zimenezo ndipo Windows 11 imalowa n'kumayenda bwinobwino, kungoti Microsoft sikulonjeza kuti ma update azibwera mpaka kale. Ine maganizo anga, ngati ntchito yanu ndi FL Studio, Photoshop kapena Premiere pitani njira ya Rufus imeneyo. Ngati ndi kulemba, intaneti, kuphunzira programming kapena ya ana asukulu, ikani Linux Mint, ndi yaulere ndipo kavairasi ka ma shortcut kaja kamayenda m'mafulashi a makasitomala sikaigwira. Pa Windows musaike ma antivirus okuba aja, Defender imene ilimo kale ikukwana bola izilandira ma update.

Makinawa alibe Wi-Fi. Lumikizani foni ndi chingwe cha USB muyatse USB tethering, kapena mugule ka dongle. Mukangolumikiza pitani ku Settings muyatse Metered connection, mukapanda kutero Windows Update imeza bandulo ya sabata yonse inu muli kubafa kkkk.

Chachisanu ndi chimodzi: RAM

Igwiritseni ntchito kaye masiku angapo. Tsegulani zonse zomwe mumatsegula patsiku, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, pa Performance muone Memory. Ikamafika cha m'ma 80 peresenti onjezerani, ikamasewera pa theka sungani ndalama. Kwa ambiri 16GB ndi yokwana, oedita mavidiyo 32GB.

Apa pamafunika kuwerenga sitika ya pa RAM chilembo ndi chilembo. PC3 ndi DDR3, PC4 ndi DDR4, sizilowana. Ndiye pali chilembo cha kumapeto: PC3-12800R kapena PC4-2133P-R, R ameneyo ndi registered ya ma server, E ndi ECC wamba, U ndi ya ma desktop apanyumba. Z440 imafuna DDR4 ya R, mukaikamo ya desktop wamba siyaka. Pa makina a DDR3 onani imene ilimo kale mugule yofanana nayo, R ndi E osasakaniza olo zikulowa bwinobwino mu slot. Chosangalatsa n'choti RAM ya R sigwira m'makompyuta wamba ndiye ogulitsa imawakhalira m'kabati, nenererani mtengo molimba mtima.

Mapurosesa awa amalankhula ndi RAM panjira zinayi nthawi imodzi, ndiye zinayi za 4GB zimaposa imodzi ya 16GB, zinayi za 8GB ndiye pabwino penipeni. Ma slot alipo 8 pa Z420 ndi Z440 ndipo sungoika paliponse, kuseri kwa chivindikiro chija mwachotsa kuli chithunzi chosonyeza poyambira. Pa Z440 mukapitirira zinayi imayamba kudandaula poyaka kuti ikufuna fani yapadera ya RAM, chifukwa chinanso chokhalira pa zinayi zikuluzikulu.

Tsegulani timakutu ta slot, yang'anitsani kampata kagwirizane, kanikizani mbali zonse mpaka mumve kuti thwa. HP ikalira kasanu nyali yofiira ikuphethira ndi RAM imeneyo, kasanu ndi kamodzi ndi graphics card, kanayi ndi nkhani ya mphamvu ya magetsi. Musanaweruze kuti yafa izuleni mupukute mano ake agolide ndi labala yofufutira pensulo, mubwezeretse imodziimodzi. Zikayaka ikani pulogalamu yoyeza RAM ya MemTest86 pa fulashi iyende usiku wonse, pakatuluka cholakwika olo chimodzi RAM imeneyo ibwerere kwa mwini wake asanasinthe nambala.

Chachisanu ndi chiwiri: graphics card

Ojambula nyimbo ndi olemba dumphani gawo ili, ka Quadro kali momwemo kakukwanirani. A magemu ndi mavidiyo bwererani ku sitika ya power supply ija. Ngati mulibe chingwe cha mapini 6, malire anu ndi makhadi omwe amadya 75W kuchokera pa slot pokha, GTX 1050 Ti kapena GTX 1650, koma 1650 zina zimafunabe chingwe ndiye muone chithunzi cha khadi lenilenilo musanalipire. Chingwe chikakhalapo GTX 1060 ya 6GB imalowa bwino, imadya 120W. RX 580 imakopa chifukwa yotchipa koma imadya 185W, imafuna mapini 8, ndipo zambiri zinatopa ndi kukumba ndalama za crypto usana ndi usiku. Timaadaputa totenga mphamvu pa chingwe cha SATA kupita ku khadi musatiyerekeze, chingwe cha SATA sichinapangidwire katundu wotere, chimasungunuka.

Makhadi abodza nawo ali mbwee, khadi lakalekale analisintha dzina kuti lizioneka ngati 1050 Ti. Mukaona 1050 Ti ili ndi bowo la VGA la buluu lija thawani, yeniyeni ilibe. Pulogalamu ya GPU-Z imalemba FAKE pa ambiri otere. Yezaninso utali ndi rula musanagule, ena aatali amagunda pomwe pamakhala ma hadi disiki. Khadi lilowe mu slot ya x16 imene munali lakale lija, ma driver mutenge kwa NVIDIA kapena AMD.

Zinthu ngati izi pa Kasungu pano n'zosowa, ngakhale ku Lilongwe mitengo yake imatsatira dola, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo umene mwamva mwezi uno si wa mwezi wa mawa. Amene muli ndi abale ku Johannesburg atumizireni nambala yeniyeni ya chinthucho ndi chithunzi, osangoti "mundigulire RAM", RAM ndi purosesa zimakwana m'thumba la malaya. Ooda ku China konzekerani kudikira masabata, ndipo muwerengeretu za msonkho wa MRA.

Pomaliza: purosesa

Mwafika pano, SSD ilimo, RAM yakwana, ndiye onaninso Task Manager. CPU, yomwe ndi purosesayo, ikamakhala pa 100 peresenti nthawi yaitali pa ntchito yanu yeniyeni, osati pa ma benchmark ofuna kuonetsa anzanu, pamenepo sinthani.

Ma core ambiri si liwiro nthawi zonse. Pa Z420 ya 2013 ndi T3610, E5-2697 v2 ili ndi ma core 12 koma pa 2.7GHz, E5-1650 v2 ili ndi 6 pa 3.5GHz, E5-2667 v2 ili ndi 8 pa 3.3GHz. Pa magemu ndi pa nyimbo ziwiri zomalizazo zimamveka kupepuka, ya 12 ija imawala pokhapokha mukamarenda vidiyo yaitali. Pa Z440 ndi T5810 nkhani ndi yomweyo, E5-1650 v3 ya ma core 6 pa 3.5GHz kapena E5-2680 v4 ya ma core 14 pa 2.4GHz. Ya v2 silowa pomwe pamalowa v3 ndi v4 ngakhale zimaoneka zofanana, soketi ina ndi LGA 2011 inayo ndi LGA 2011-3, mukakakamiza mwapha motherboard. Zolembedwa Intel Confidential kapena ES zisiyeni, ndi zoyeserera za kufakitale, ma BIOS a HP ndi Dell amatha kuzikana.

Pangani update ya BIOS purosesa yakale ikadali momwemo, makamaka ngati mukupita ku v4, BIOS yakale siidziwa ndipo sikirini ingokhala bii. Fayilo yake itengeni pa webusayiti ya HP kapena Dell, ya model yanu yeniyeni. Update imeneyi magetsi akathima ili pakati motherboard itha kufa, ndiye ichitikire pa UPS kapena pa sola yodalirika, osati madzulo kunja kukuchita mdima wa mvula.

Posintha, igonekeni patebulo pomwe pali kuwala. Chotsani heatsink. Soketi ili ndi timikono tiwiri, pali chizindikiro cha loko yotseguka chosonyeza koyamba kumasula. Nyamulani purosesa yakale molunjika m'mwamba mutaigwira m'mbali. Pansipo muona timapini 2011 topyapyala, musatikhudze, musapemererepo, musadutsitsepo sukuludiraiva kapena mkono wa juzi, kamodzi kakapindika mwina njira imodzi ya RAM yapita kapena kompyuta yonse. Yatsopanoyo ili ndi kachizindikiro ka makona atatu pakona imodzi, kagwirizane ndi kapa soketi, muitsitse yokha ikhale popanda kukanikiza. Tsekani timikono motsatana mobwerera, kamalimba ndithu musaope, paste watsopano, heatsink modumphitsa muja, ndipo chingwe cha fani musachiiwale. Poyaka koyamba imatha kukhala kanthawi sikirini ili yakuda mafani akuthamanga, ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu musanayambe kuzula zingwe.

Ikafika mu Windows tsegulani CPU-Z muone ngati dzina ndi ma core zikugwirizana ndi zomwe munalipira, kenako HWiNFO yoonetsa kutentha ili pambali muyendetse Cinebench kapena murende vidiyo kwa theka la ola. Yesani masana kukutentha, m'nyumba ya malata mu Okutobala, osati m'mawa kukuzizira. Ikamakhala pansi pa madigiri 80 zili bwino, ikamapitirira masulani heatsink muonenso paste ndi masikuluwu ngati analimba mofanana. Purosesa yakale isungeni mu kapepala kake, ndiyo mudzayesere tsiku lina zinthu zikadzavuta.

Kompyutayo isakhale pansi pasimenti pomwe tsache limadutsa, ikwezeni patebulo kapena pa kabenchi, kumbuyo kutalikirane ndi khoma ngati chikhatho chimodzi kuti mpweya uzituluka. Ikazima muziifunditsa kansalu, ikayaka chotsani. Amene muli m'mbali mwa msewu wafumbi muziitulutsa pakhonde kukaipemerera miyezi itatu iliyonse, ndipo nthawi ya chilimwe pafupipafupi kuposa apo.